Foni ikachenjeza kuti webusaiti si yotetezeka: tanthauzo lake, mbiri yake ndi zoyenera kuchita

Munthu akamatsegula webusaiti pa foni kapena pa kompyuta, nthawi zina tsamba limene akufunalo silibwera. M'malo mwake pamabwera uthenga wochenjeza. Pa foni ya Chipwitikizi uthengawo umati "A sua ligação não é privada" kapena "Sua conexão não é particular", ndipo pa foni ya Chingerezi umati "Your connection is not private". Mawu onsewa akunena chinthu chimodzi: foni yalephera kutsimikizira kuti webusaitiyo ndi yeniyeni, choncho zimene munthu angalembepo zikhoza kufika m'manja mwa anthu ena.

Kale nkhaniyi inkakhudza anthu a m'maofesi okha. Masiku ano ikukhudzanso alimi a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde, pamodzi ndi abale awo a ku Dedza, Ntcheu ndi Mwanza, chifukwa ambiri amaonera pa foni mitengo ya feteleza, nkhani za mvula, zotsatira za mayeso a ana ndi zolengeza za ntchito. Ndalama za kachewere, fodya, soya ndi nyemba zimasungidwanso m'foni momwemo, mu M-Pesa, e-Mola ndi mKesh, kapena mu Airtel Money ndi Mpamba kwa amene ali ndi laini ya ku Malawi. Chimene chimasokoneza anthu kwambiri n'chakuti chenjezoli limatha kubwera ngakhale pa webusaiti ya ofesi ya boma, ya banki kapena ya sukulu. Zikatero munthu amasowa kolowera, kaya amvere foni kaya amvere ofesi.

Amene amachenjeza

Uthengawu suchokera ku Vodacom, Movitel kapena Tmcel, ndipo suchokeranso ku boma. Umachokera mu pulogalamu yotsegulira mawebusaiti, imene ambiri amaitcha browser. Pa mafoni ambiri a Android pulogalamuyi ndi Chrome ya kampani ya Google. Ena mwa mapulogalamuwa ndi Firefox ya bungwe la Mozilla, Safari ya Apple ndi Edge ya Microsoft. Pulogalamuyi isanatsegule tsamba, imayamba yafunsa webusaitiyo kuti ionetse chiphaso chake, monga zimakhalira pa chipata cha Calómuè kapena cha Zóbuè, pamene munthu saoloka asanaonetse mapepala.

Mmene chiphaso chimagwirira ntchito

Adiresi ya webusaiti imayamba ndi http kapena https. Kusiyana kwake kuli pa chilembo chomalizacho. Pa http, zimene munthu walemba zimayenda ngati kalata yosamata: aliyense amene yamudutsa m'manja akhoza kuiwerenga kapena kuisintha. Pa https, mawuwo amasandutsidwa zizindikiro zosawerengeka, ndipo amamasulidwa akafika kwa mwini webusaiti. Njirayi inayambitsidwa ndi kampani ya Netscape ya ku America mu 1995 ndi dzina lakuti SSL, ndipo mu 1999 inakonzedwanso n'kutchedwa TLS.

Kumata kalata kokha sikokwanira, chifukwa munthu akhoza kumata bwinobwino koma n'kuipereka kwa wakuba. Ntchito ya chiphaso ndi yotsimikizira kuti wolandirayo ndi mwini adiresi weniweni. Pa chiphasocho pamalembedwa dzina la webusaiti, tsiku limene chinayamba kugwira ntchito, tsiku limene chidzathe mphamvu, ndiponso chidindo cha amene anachipereka. Odinda ziphasowa ndi makampani ndi mabungwe monga DigiCert, Sectigo, GlobalSign ndi Let's Encrypt. M'foni iliyonse muli kale mndandanda wa zidindo zovomerezeka zoposa 100. Chidindo chimene sichili pa mndandandawo chimakanidwa, ngakhale chitakhala cha boma.

Chiphaso sichikhala mpaka kale. Kuyambira mu Seputembala 2020, ziphaso zatsopano sizinkaloledwanso kupitirira masiku 398, ndipo mu Epulo 2025 makampani a browser pamodzi ndi odinda ziphaso anagwirizana kuti masikuwo azichepetsedwa pang'onopang'ono mpaka adzafike 47 mu Malichi 2029. Mtengo si vuto lalikulu ngati kale, chifukwa bungwe la Let's Encrypt lakhala likupereka ziphaso zaulere za masiku 90 kuyambira mu 2015. Chofunika ndi munthu kapena makina ozikonzanso pa nthawi yake.

Mitundu itatu ya machenjezo

Chenjezo loyamba ndi laling'ono. Limaoneka pamwamba, pafupi ndi adiresi, ndipo limati "Não seguro" kapena "Not secure", kapenanso limangokhala kachizindikiro kochenjeza. Tsamba limatseguka ndithu. Tanthauzo lake n'lakuti webusaitiyo ikugwiritsabe ntchito http. Chrome inayamba kuika chizindikirochi pa mawebusaiti onse oterewa mu Julayi 2018. Munthu akhoza kuwerenga nkhani pa tsamba lotere, koma si malo olembapo pasiwedi, nambala ya BI, NUIT kapena za akaunti ya ku banki.

Chenjezo lachiwiri limadzaza tsamba lonse, ndipo ndi lija lonena kuti kulumikizana si kwachinsinsi. Apa webusaiti yaonetsa chiphaso, koma chili ndi vuto. Pansi pa uthengawo pamakhala mawu a zilembo zikuluzikulu onena vutolo. Mawu akuti ERR_CERT_DATE_INVALID akutanthauza kuti masiku sakugwirizana. Akuti ERR_CERT_COMMON_NAME_INVALID akutanthauza kuti dzina la pa chiphaso ndi losiyana ndi adiresi. Akuti ERR_CERT_AUTHORITY_INVALID akutanthauza kuti wodinda chiphasocho sakudziwika. Pamakhalanso batani lolola munthu kupitiriza ngati akufuna, koma limabisika kuseri kwa mawu akuti "Avançadas", "Avançado" kapena "Advanced".

Chenjezo lachitatu ndi tsamba lofiira. Ili silikhudza chiphaso. Limabwera webusaiti ikakhala pa mndandanda wa Google wotchedwa Safe Browsing, umene muli mawebusaiti omwe anagwidwa akunamiza anthu kapena akufalitsa mapulogalamu oononga mafoni. Pa machenjezo atatuwa, lofiirali ndi limene silifuna kuganizira kawiri: munthu angobwerera.

Zimene zimabweretsa chenjezo

Si nthawi zonse pamene chenjezo limatanthauza kuti pali mbala. Nthawi zambiri vuto limakhala m'foni momwemo. Foni ikazima nthawi yaitali chifukwa chosowa moto, kapena batire likachotsedwa, tsiku ndi chaka zimatha kubwerera m'mbuyo. Foni yoganiza kuti chaka chino ndi 2015 imaona chiphaso chabwinobwino ngati sichinayambe kugwira ntchito. Chizindikiro chake n'chakuti chenjezo limabwera pa mawebusaiti onse, ngakhale pa Google. Tsiku likakonzedwa, vutolo limatha.

Mafoni akale kwambiri nawonso amavuta, chifukwa mndandanda wawo wa zidindo sukonzedwanso. Pa 30 Seputembala 2021 chidindo china chachikulu chotchedwa DST Root CA X3 chinatha mphamvu, ndipo makompyuta ndi mafoni ambiri akale anayamba kukana mawebusaiti abwinobwino. Kuyambira mu 2024, mafoni a Android 7.0 ndi akale kuposa amenewo sazindikiranso ziphaso za Let's Encrypt. Pa nthawiyo, pa mafoni ngati amenewa Firefox inkathandiza, chifukwa imabwera ndi mndandanda wakewake wa zidindo.

Nthawi zina vuto limakhala kwa eni webusaiti: aiwala kukonzanso chiphaso, kapena achiika molakwika. Wi-Fi ya pa hotela kapena pa malo ena ofikako anthu ambiri imathanso kubweretsa chenjezo munthu asanalembetse pa tsamba lake loyamba. Chifukwa chomaliza ndi chimene chenjezoli linapangidwira: munthu wina waima pakati pa foni ndi webusaiti, n'kumadzionetsa ngati banki kapena ofesi. Vuto n'lakuti uthenga wa pa foni umaoneka wofanana pa zifukwa zonsezi, ndipo munthu wamba sangasiyanitse msanga kuiwala kwa ofesi ndi msampha wa wakuba.

Wodinda akabedwa chidindo: nkhani ya DigiNotar

Dongosolo lonseli limadalira kukhulupirika kwa odinda ziphaso. Mu 2011 zinaoneka zimene zimachitika wodinda akalephera. DigiNotar inali kampani ya mumzinda wa Beverwijk ku Netherlands, ndipo inkadinda ziphaso za mawebusaiti ambiri a boma la dzikolo, kuphatikizapo DigiD, njira imene nzika zimalowera pokhoma misonkho ndi pochita zina za boma. Mu Julayi chaka chimenecho, akuba analowa m'makompyuta a kampaniyi n'kudzidindira ziphaso zabodza zoposa 500, china mwa izo cha dzina la Google.

Kampaniyo inadziwa za kubaku pa 19 Julayi koma sinauze anthu. Nkhani inaululika kumapeto kwa Ogasiti, munthu wina wa ku Iran ataona chenjezo pa Chrome pamene ankatsegula Gmail, n'kufunsa poyera chimene chinkachitika. Kampani yofufuza ya Fox-IT inapeza kuti chiphaso chabodzacho chinagwiritsidwa ntchito pa maadiresi a intaneti pafupifupi 300,000, ndipo pafupifupi onsewo anali a ku Iran. Kutanthauza kuti makalata a anthu ambirimbiri akanatha kuwerengedwa eni ake osadziwa.

Google, Mozilla, Microsoft ndi Apple anachotsa DigiNotar pa mndandanda wa odinda ovomerezeka. Usiku wa pa 3 Seputembala 2011, nduna ya zam'dziko ya Netherlands, Piet Hein Donner, inalengeza kuti boma silingatsimikizirenso chitetezo cha mawebusaiti ake okhudzidwa, ndipo boma linatenga ulamuliro wa ntchito za kampaniyo. Pa 20 Seputembala khoti linagamula kuti DigiNotar yagwa. Zitachitika izi, mu 2013 Google inayambitsa njira yotchedwa Certificate Transparency, imene ndi kaundula woonekera kwa aliyense wolembamo ziphaso zonse zodindidwa. Kuyambira mu 2018, Chrome imakana chiphaso chatsopano chimene sichinalembedwe m'kaundulayo.

Boma likafuna kukhala pakati: nkhani ya Kazakhstan

Mu Julayi 2019, makampani a intaneti a ku Kazakhstan anatumizira anthu mauthenga, makamaka mu likulu la dzikolo, owauza kuti aike m'mafoni ndi m'makompyuta awo chiphaso cha boma. Akuluakulu ananena kuti cholinga chinali kuteteza nzika kwa akuba a pa intaneti. Koma munthu akaika chidindo cha wina m'foni mwake, mwini chidindoyo amatha kumatula makalata onse omata popanda foni kuchenjeza. Akatswiri ofufuza anapeza kuti njirayi inkagwiritsidwa ntchito pa mawebusaiti monga Facebook, Twitter ndi Google.

Pa 21 Ogasiti 2019, Mozilla, Google ndi Apple analengeza kuti mapulogalamu awo azikana chiphasocho ngakhale mwini foni atachiika yekha. Boma la Kazakhstan linayesanso mu Disembala 2020, ndipo makampaniwo, pamodzi ndi Microsoft, anatsekanso. Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Inaonetsa kuti chenjezo likhoza kuteteza nzika ngakhale kwa akuluakulu a dziko lawo. Inaonetsanso kuti mphamvu yonena chidindo chovomerezeka ili m'manja mwa makampani ochepa a ku America, amene palibe nzika ya dziko lililonse inawavotera.

Ofesi ya boma ikaiwala

Kuiwala kukonzanso chiphaso si vuto la mayiko osauka okha. Kuyambira pa 22 Disembala 2018 mpaka pa 25 Januwale 2019, mbali ina ya boma la America inaima kugwira ntchito kwa masiku 35 chifukwa cha mkangano wa bajeti. Ogwira ntchito ambiri atakhala kunyumba, kampani ya Netcraft ya ku Britain inapeza kuti ziphaso zoposa 80 za mawebusaiti a boma zatha mphamvu, kuphatikizapo za NASA ndi za unduna wa zachilungamo. Ena mwa mawebusaitiwo sankatseguka n'komwe.

Kuipa kwa kuiwala kotere sikuthera pa tsiku limodzi. Nzika ikaona chenjezo pa webusaiti ya boma, imachita chimodzi mwa ziwiri. Ena amaleka kukhulupirira ofesiyo, n'kuyamba kudalira mphekesera za pa WhatsApp. Ena amauzidwa kuti angodina n'kupitiriza, zinthu n'kuwayendera, ndipo amaphunzira kuti chenjezo ndi phokoso chabe. Phunziro lachiwirili ndi loopsa kwambiri, chifukwa tsiku limene chenjezo lidzakhale la msampha weniweni, chala chidzakhala chitazolowera kale kudina.

Chizolowezichi chinayezedwapo. Mu 2013, Devdatta Akhawe wa ku yunivesite ya California ku Berkeley ndi Adrienne Porter Felt wa ku Google anafufuza machenjezo oposa 25 miliyoni. Anapeza kuti pa machenjezo 10 aliwonse a chiphaso pa Chrome, pafupifupi 7 ankanyalanyazidwa, pamene pa Firefox linkanyalanyazidwa limodzi pa atatu. Zitatero Google inasintha kaonekedwe ka chenjezo, inafewetsa mawu ake ndi kubisa batani lopitirizira.

Kaloko si umboni wa chilungamo

Kwa zaka zambiri anthu ankaphunzitsidwa kuyang'ana kaloko pafupi ndi adiresi. Langizoli linali ndi chilema. Kaloko kamangonena kuti kalata yamatidwa ndipo ikupita kwa mwini adiresi imene yalembedwa pamwambapo. Sikanena kuti mwiniyo ndi munthu wabwino. Wakuba amatha kugula adiresi yofanana pang'ono ndi ya banki, n'kupeza chiphaso chaulere cha adiresiyo, tsamba lake n'kumatseguka popanda chenjezo lililonse. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Mu Juni 2019, apolisi a FBI ku America anachenjeza anthu kuti asamakhulupirire webusaiti chifukwa cha kaloko kokha. Google inafufuzanso mu 2021 n'kupeza kuti anthu 11 okha pa 100 aliwonse ndi amene ankamvetsa tanthauzo lenileni la kaloko, ndipo mu Seputembala 2023 inayamba kukachotsa pa Chrome. N'chifukwa chake pa mafoni ambiri masiku ano, pamene panali kaloko pali kachizindikiro ka timizere tiwiri.

Chenjezo la chiphaso silibweranso ngati akuba alowa m'webusaiti yeniyeniyo. Mu Febuluwale 2022, mawebusaiti angapo a boma la Mozambique anasokonezedwa ndi gulu limene linkati ndi la ku Yemen. Pa zochitika ngati zimenezi chiphaso chimakhala chili bwino, koma zolembedwa pa tsamba zasinthidwa ndi anthu ena.

Malamulo a kuno ndi a kutsidya

Ku Mozambique, nkhani za malonda ndi mauthenga a pa intaneti zili m'lamulo nambala 3/2017 la pa 9 Januwale, lotchedwa Lei das Transacções Electrónicas. Bungwe la INTIC ndi limene limayang'anira za luso la makompyuta ndi intaneti, pamene INCM imayang'anira makampani a mafoni. Ku Malawi kuli lamulo lofanana nalo la mu 2016, ndipo ntchito yoyang'anira ili m'manja mwa MACRA. Maadiresi ambiri a maofesi a boma amathera ndi gov.mz ku Mozambique ndi gov.mw ku Malawi. Zilembozi ziyenera kukhala kumapeto kwa dzina la webusaiti, kamzere kopendekera koyamba kasanafike. Adiresi imene ili ndi gov.mz pakati, koma n'kuthera ndi zilembo zina, si ya boma.

Zoyenera kuchita chenjezo likabwera

Choyamba ndi kuona tsiku, mwezi, chaka ndi nthawi pa foni. Ndi bwino kuika foni kuti izitenga nthawi yokha kuchokera ku netiweki. Mozambique ndi Malawi ali pa nthawi yofanana, choncho kusintha laini pa malire sikusokoneza wotchi.

Chachiwiri ndi kuyesa webusaiti ina yodziwika. Ngati onse akukana, vuto lili m'foni kapena pa netiweki, ndipo munthu angayese kuchoka pa Wi-Fi n'kugwiritsa ntchito mamega ake, kapena kukonzanso browser kuti ikhale yatsopano. Ngati ikukana ndi imodzi yokha, vuto lili pa webusaitiyo.

Chachitatu ndi kuwerenga adiresi chilembo ndi chilembo, makamaka ngati linki yabwera pa SMS, WhatsApp kapena Facebook ndi lonjezo la feteleza waulere, ngongole, ntchito kapena mphatso. Njira yotetezeka ndi kulemba yekha adiresi yodziwika kale, osati kudina linki yotumizidwa.

Chachinayi, pa tsamba limene labwera ndi chenjezo sipoyenera kulembapo pasiwedi, nambala ya khadi la banki, za BI kapena nambala imene yangobwera pa SMS. PIN ya M-Pesa, e-Mola, mKesh, Airtel Money kapena Mpamba ndi ya mwini yekha, ndipo siuzidwa kwa munthu aliyense, ngakhale wonena kuti ndi wa kampani. Wina akapempha kuti m'foni muikidwe chiphaso kapena pulogalamu yochokera pa linki n'cholinga choti chenjezo lichoke, pempho lotere ndi loyenera kukanidwa.

Chachisanu, ngati webusaiti ya ofesi ya boma kapena ya banki ndi imene ikuchenjeza, njira yabwino ndi kufunsa ku ofesiko, kaya pamaso kaya pa nambala ya foni yodziwika kale, osati nambala yolembedwa pa tsamba lokayikitsalo. Safunsa anadya phula. Kuwauza eni ofesi kumathandizanso ena, chifukwa nthawi zina iwo sadziwa kuti chiphaso chawo chatha. Amene walemba kale pasiwedi kapena PIN pa tsamba lokayikitsa ayenera kuisintha nthawi yomweyo, kudziwitsa banki kapena kampani ya foni, ndi kukanena ku polisi ngati ndalama zasowa.

Udindo wina uli kwa maofesi, mabanki, masukulu ndi mabungwe a alimi amene ali ndi mawebusaiti. Chiphaso chikatha, yankho lake ndi kuchikonzanso, ndipo ntchitoyi masiku ano ikhoza kuchitika mwaulere. Pamene akukonza, ndi bwino kulengeza pa wailesi kapena pa bolodi la pa ofesi kuti anthu adikire kapena abwere okha, kusiyana ndi kuwauza kuti angodina n'kupitiriza.